Mpopi wa Agogo ndi Mjigo Wolira

Ndikakumbukira agogo anga aNambewe, chimene chimayamba kundifikira si nkhope yawo ayi, koma kulira kwa mjigo wa m'mudzi mwathu, kufupi ndi Mualadzi, m'chigawo cha Tete. Kunali kulira kowonda, kotalika, koyambira pansi n'kumakwera pang'onopang'ono, kenako n'kuduka mwadzidzidzi ngati munthu wagwidwa pakamwa. Masana dzuwa likafika paliwombo, nkhuku zitabisala pansi pa nkhokwe, mbuzi zitagona m'mbali mwa makoma, kulirako kunkadutsa m'minda ya chimanga mpaka kukafika pa nyumba yomalizira. Ndipo aliyense ankadziwa kuti kukamveka kulira kumeneko, ndiye kuti pa mjigo pali ine.

Munthu wina aliyense akapopa, mjigowo unkangogwedera monga chimachitira chitsulo, madzi n'kutuluka. Ndikaugwira ine, unkalira.

Bambo anga anamwalira ndisanabadwe. Mai anga, a Rozina, anadwala nthawi ya mvula n'kutisiya chimanga chisanamasule. Ndinali wamng'ono, msinkhu woti chigubu chikadzadza ndinkachikoka m'malo mochisenza. Ndinatsala ndi agogo m'nyumba yawo yaudzu, mmene munkanunkha utsi wa zitsononkho ndi fodya wapamphuno amene ankasunga m'kabotolo ka mankhwala. Agogo anali aatali, ouma thupi, amawu ochepa, ndipo sankakhulupirira munthu msanga. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi, nakhala zaka zambiri ku kampu ya othawa kwawo. Za kumeneko sankakamba, kupatula mawu amodzi amene ankabwereza munthu akawayamikira wamalonda: "Ine ndinagulapo mchenga m'thumba la mchere. Wogulitsayo ankaseka bwino."

Kutunga madzi inali ntchito ya mai anga. Titameta maliro awo, ntchitoyo inagwera ine. Tsiku loyamba ndinapeza amai angapo pa mjigo, ndipo anandisiyira malo mwachisoni monga amachitira anthu kwa mwana wamasiye. Ndinaika chigubu, ndinagwira mkono wa mjigo, ndinaukoka. Kulira kuja kunatuluka. A Felisita, amene nyumba yawo inali moyang'anana ndi yathu, anagwetsa ndowa imene anali atangoisenza, madzi n'kuwakhutukira m'miyendo.

"Ameneyo ndi Rozina," anatero, mawu ali pansi.

Panalibe amene anawatsutsa. Mai anga akamasinja ankakonda kung'ung'udza, osatsegula pakamwa, mawu oyambira pansi n'kukwera, n'kuduka musi ukagunda mu mtondo. Mudzi wonse unkawadziwa mawuwo. Inenso ndinali nditawazindikira a Felisita asanalankhule.

Kuyambira pamenepo ndikatulukira ndi chigubu changa, amai ankatola ndowa zawo, zodzadza ndi zosadzadza zomwe, n'kuchoka osanditembenukira. Ena analekeratu kumwa madzi a pa mjigo, nayamba kukatunga pa zitsime za kudambo kumene kumamwera ng'ombe. Mwana wina atatsegula m'mimba, anthu sanatchule dambo, anatchula ine. Anzanga amene ndinkasewera nawo mpira wansanza anayamba kuitanidwa ndi amai awo ndikangoyandikira.

Choncho ndinayamba kupita masana, nthawi imene pa mjigo palibe munthu. Ndinkati ndikupewa maso a anthu, koma chinalipo china. Chigubu chikadzadza sindinkaleka. Ndinkachikankhira pambali n'kupitiriza kukoka mkono uja pang'onopang'ono, madzi akungotayikira mu ngalande, mavu akumwa m'mphepete, ine nditatseka maso. Dzuwa linkandiwotcha pakhosi, simenti inkatentha kumapazi, koma pamenepo pokha ndi pamene ndinkamva kuti sindili ndekha.

Agogo pa mjigo sankapondapo. Maondo awo anali otupa, koma ankatenga ndowa n'kutsetserekera kumtsinje kukachapa, ngakhale madzi ndinali nditawabweretsera. Sankandiletsa kupita, sankandifunsanso chifukwa chimene ndinkachedwera. Tsiku lina ndinaleka kupopa msanga, ndinabwerera kudzera kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinawapeza ataimirira kuseri kwa nyumba, nkhope itayang'ana khoma, zikhato zonse ziwiri zitatseka makutu, milomo ikuyenda popanda mawu. Ndinabwerera chafutambuyo n'kukalowera kukhomo ndikukhosomola kuti andimve.

A komite ya madzi anaitana mnyamata wina amene ankati amadziwa mijigo. Anabwera pa njinga, anathira mafuta apa ndi apo, nauza amalume anga a Domingo kuti apope. Mjigo unangogwedera. Kenako anakodola ine. Nditaukoka, kulira kuja kunatuluka monga mwa masiku onse, mwinanso koposa, chifukwa anthu onse anali chete. Mnyamatayo anabwerera m'mbuyo, anapukuta manja pa buluku lake.

"Chitsulo chilibe mlandu," anatero. "Izi si za ife okonza. Kaitaneni opemphera."

Madzulo ake amalume anabwera kunyumba. Anakhala pa mtondo wogonekedwa, chipewa chili pa bondo, ine ndikukonola chimanga pakhomo pomwepo. Sanandithamangitse, anthu anali atazolowera kulankhula ngati palibe munthu pamene pali ine.

"Amai, anthu atopa," anatero. "Akuti Rozina sanagone, akufuna mwana wake. Mwanayu akakhala kutali, nayenso aleka kubwera kuno. Ndalankhula ndi abale a bambo ake ku Nsadzo. Tikatha kukolola ndikamusiya."

"Ku Nsadzo akumudziwa ndani?"

"Adzamudziwa."

"Mwana wa mlongo wako, Domingo. Ukamusiye kuchimuna ngati mbuzi yobwereka?"

"Nanga mudzi wonse uzimwa ndi ng'ombe chifukwa cha iye? Wokonza uja mwamumva nokha."

Agogo anatsegula kabotolo kawo, anatsina fodya, anakoka mphuno imodzi kenako inayo, osafulumira.

"Amene uja si wokonza, ndi wothira mafuta," anatero. "Kolola chimanga chako. Usanatsirize ndikhala nditabwera ndi munthu."

M'mawa mwake anakwera pa mpando n'kusolola kamtolo kansanza kamene kankakhala mu denga, pakati pa udzu ndi phaso. M'katimo munali mpopi wamkuwa, wolemera, wonyezimira ndi mafuta a nsatsi amene ankaupaka nthawi ndi nthawi. Anautola ku kampu tsiku limene ankazula mapaipi anthu akubwerera kwawo. Pakhomo pathu panalibe paipi, m'mudzi monse munalibe, koma mpopiwo anausenza ulendo wonse wochokera ku Malawi pamodzi ndi mphika ndi khasu. Anaumanga m'mphepete mwa kapulana, chitenje chimene anavala, ndipo tinanyamuka wapansi kupita ku Mualadzi, tsiku la msika.

Munthu woyamba amene anatilozera anali wokonza njinga, amene ankati mijigo amaidziwanso. Agogo anamupatsa moni waulemu, anamasula mpopi uja, naupereka ndi manja awiri.

"Tandionereni, bambo. Chinafa n'chiyani umu?"

Iye anautembenuza, anaugwedeza pafupi ndi khutu, anapukusa mutu.

"Labala wa m'kati anatha, mama. Usiyeni, mudzautenge msika winawo."

Agogo anathokoza, anaumanganso, tinapitirira. Wachiwiri anali bambo wovala ovolosi yoyera bwino, amene ankati anagwirapo ntchito ku Tete, ndipo anali ndi chikwama cha zida zambiri. Ameneyo anati mazinga a mpopiwo anadyeka, sungakonzeke, koma angatithandize poutenga n'kutipezera wina. Agogo anathokozanso chimodzimodzi. Titafika pansi pa mtengo wa mango anakhala pansi kupumitsa maondo, ndipo ndinalimba mtima kuwafunsa chimene chinafa mu mpopimo.

"Palibe," anatero. "Ndi wabwinobwino. Anthu awa akupeza matenda pa chinthu chosadwala. Nanga pa iwe akapeza chiyani?"

Mpopi umenewo ndili nawo mpaka lero. M'nyumba imene ndimakhala ku Tete paipi ikaphulika, munthu asanagwire khoma langa ndimayamba ndamupatsa mpopiwo n'kumufunsa funso la agogo. Mkazi wanga amati ndimachititsa manyazi. Koma ambiri amaupeza ndi matenda.

Dzuwa litapendeka, mai wina wogulitsa tomato anatiuza kuti kuseri kwa chipatala kuli mesitiri, mmisiri wochokera ku Chifunde, amene akulumikiza mapaipi a thanki ya madzi. Anati dzina lake ndi a Kandido, ndipo tikalankhule mokweza chifukwa makutu awo anaphedwa ndi kuphulika kwa bomba nthawi ya nkhondo. Tinawapeza ali m'ngalande yofika m'chiuno, bambo wamfupi wa imvi, malaya ali matope okhaokha. Pakhonde la chipatala panali anthu odikira mankhwala, onse akutiyang'ana.

Agogo anawerama n'kuwapatsa mpopi uja. Funso lawo analibwereza kawiri asanamveke. A Kandido anapukuta manja, anautseka mpopiwo, anauika pakamwa n'kuuzira mpaka masaya anatupa. Mpweya sunatuluke. Anautsegula, anauziranso, mpweya unadutsa. Anautseka n'kuubweza.

"Palibe chinafa apa," anatero, mokuwa monga amalankhulira anthu osamva. "Ukungosowa madzi."

"Tayang'ananinso bwino."

"Mama, ngati mukufuna ndiyambe ndaupha kuti ndiukonze, nenani. Nyundo ndili nayo."

Anthu a pakhonde aja anaseka. Agogo sanaseke. Anagwada m'mphepete mwa ngalande, maondo otupa aja ali pa miyala, nayamba kufotokoza za mjigo. A Kandido analoza khutu lawo n'kupukusa mutu. Agogo anayesanso, osamveka. Pamenepo munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu, amene nkhani za pakhomo pake sankauza ngakhale mnansi, anakuwa pamaso pa alendo onsewo:

"Mjigo wathu ukulira ngati mwana wanga amene anamwalira. Akufuna kundilanda mdzukulu."

Kuseka kuja kunatha. A Kandido anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Makutu ndilibe," anatero, "koma mano alipo. Ndikatseka ngalande iyi ndibwera."

Masiku anapita. Amalume anatsiriza munda wa kumtunda nayamba wa kudambo, umene unali wotsiriza. Mkazi wawo anabweretsa thumba la saka loti ndiikemo zovala zanga, agogo analitenga n'kuikamo mphale. Panjira pakadutsa njinga agogo ankadzutsa mutu, kenako n'kubwerera ku ntchito yawo. Ine ndinkapitabe ku mjigo masana. Sindinkafuna kupita ku Nsadzo, komanso mumtima mwanga sindinkafuna kuti a Kandido abwere. Zinthu ziwirizi ndinkazisenza pamodzi, osadziwa choti ndichite nazo.

A Kandido anafika tsiku lina dzuwa lili pamutu, kunja kuli zii, mphepo yeniyeni kulibe. Anatsamiritsa njinga pa mpanda wa mjigo, anayala saka pansi, nandanditsa zida zawo. Mbiri inayenda msanga. Anthu anasiya zokolola n'kudzaima patali, mozungulira, palibe amene ankafuna kuponda pa simenti. Agogo anabwera pambuyo pa onse, akutsimphina, ndipo anadutsa pakati pa anthuwo mpaka anafika pa mpanda. Aka kanali koyamba kufika pamenepo chimwalirire mai anga.

A Kandido anatenga chitsulo chachitali chomasulira mabawuti. Mbali imodzi anaitsamiritsa pa mutu wa mjigo, mbali inayo anailuma ndi mano a m'mbali, natseka maso. Ndi dzanja anakodola amalume kuti apope. Amalume anapopa mwamphamvu, ataima kumbuyo kwa mkono, mjigo n'kumangogwedera. A Kandido anatsegula maso, anawabweza, nakodola ine.

Ndinaima pamene ndinkaima nthawi zonse, chakumanzere kwa mkono, chifukwa kumapeto kwake kunali kutali ndi msinkhu wanga. Ndinaukolowekera manja onse awiri n'kuulendewera. Kulira kunayambira pansi, kunakwera, kunaduka. Mai wina anabereka mwana wake n'kubwerera m'mbuyo. Ndinafuna kuleka, koma dzanja la a Kandido linkazungulira m'mwamba kundiuza kuti ndipitirize. Ndinakoka, ndinakokanso. Iwo anali chilumire chitsulo chija, maso ali otseka, ndipo ndinaona misozi ikutsika m'makwinya a nkhope yawo n'kulowa mu ndevu. Mwina kunali kunjenjemera kwa chitsulo m'mano. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anamvetsera nthawi yaitali kuposa imene munthu amafunikira kuti apeze pamene pawonongeka.

Atachotsa chitsulocho pakamwa anayang'ana gulu lija, naloza a Felisita.

"Mai inu, bwerani. Gwadani apa pamene paima mwanayu."

"Ine? Ndalakwa chiyani ine?"

"Akuti chiyani?" a Kandido anafunsa amalume.

"Akuti akubwera," anayankha agogo.

A Felisita anabwera akung'ung'udza, anakwinya kapulana, anagwada chakumanzere kwa mkono. A Kandido anawagwiritsa pamene ndinkagwira ine, nawauza kuti akoke pang'onopang'ono. Anakoka. Mjigo unalira, kulira komwe kuja, kowonda, kokwera. A Felisita anausiya mkonowo ngati wawatentha, nagwera chagada mu ngalande.

Kenako mkulu wina kumbuyo anati, "Kani Rozina akufunanso inu, a Felisita? Konzekani wa ku Nsadzo." Kuseka kunabuka.

A Kandido anamasula chivundikiro cha mutu wa mjigo n'kuitana amalume kuti asuzumire. Anawaonetsa kamphete ka pulasitiki kamene mkono umazungulirapo. Kanali katadyeka mbali imodzi mpaka kubooka, moti munthu akakokera mkonowo cham'mbali, chitsulo chinkakhulana ndi chitsulo chinzake.

"Akuluakulu mumakankha molunjika, simungakamve," anakuwa. "Ana ena amapopa bwanji kuno?"

"Awiriawiri," anatero amalume. "Wina uku, wina uku."

"Nanga uyu amapopa ndi ndani?"

Amalume anayang'ana pansi, chipewa akuchipinda m'manja.

A Kandido anatulutsa kamphete katsopano m'chitini, koma sanafulumire kukaika. Anapita pa mpanda pamene panaima agogo, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula motsitsa, moti ndinamva ine ndekha amene ndinali pafupi.

"Mama, ndikachotsa kakaleka, sudzaliranso. Mwandimva?"

Agogo anayang'ana mjigo, anayang'ana ine. Manja awo anali atagwira mtengo wa mpanda, misempha itatuluka.

"Lusiyano," anatero, "tapopa kamodzi."

Ndinaima pamalo panga n'kukoka pang'onopang'ono monga mmene ndikanathera, kuti kutalike. Kulira kunayambira pansi. Agogo sanatseke makutu. Anaima chilili, mutu uli m'mwamba, maso ali gwa, namvetsera mpaka pamene mawuwo anadukira. Milomo yawo inayenda pang'ono monga tsiku lija kuseri kwa nyumba. Kenako anatembenukira a Kandido n'kugwedeza mutu.

"Chotsani."

Ntchitoyo sinatenge nthawi. Atamanganso mabawuti anandiuza kuti ndipope. Ndinalendewera mkono uja chakumanzere, ndinakoka mwa njira zonse zimene ndinkadziwa, koma mjigo unangogwedera, madzi n'kutuluka oyera. A Kandido anatunga m'manja n'kumwa. Amai anathamangira kunyumba kukatenga ndowa. A Felisita, matope ali kumsana, anandikankha paphewa n'kunena kuti mawa ndidzapope ndi mwana wawo Zakeyu, ndisamalendewere ndekha ngati nyani. Amalume anavala chipewa n'kubwerera kudambo, ndipo dzina la Nsadzo silinatchulidwenso pakhomo pathu.

Agogo sanadikire zonsezo. Ndinawaona akubwerera okha kunyumba, akutsimphina, msana utawerama kuposa mmene unalili pobwera. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti mawu aja ankawamva monga ndinkawamvera ine, ndipo anayenda ulendo wonse wa ku Mualadzi kukafuna munthu woti awathetse, kuti ine nditsale.

Ndinakhala pa mwala kunja kwa mpanda. Anthu ankaseka, ndowa zinkagundana, koma kwa ine kunali zii monga tsiku limene tinachokera kumanda. A Kandido anamanga zida zawo pa njinga, anaikankha mpaka pamene ndinakhala, naima. Anawerama, fungo la girisi ndi thukuta lili thoo.

"Zimene ndauza anthuwa n'zoona," anatero. "Chitsulo chinkadya chinzake, basi." Anayendetsa lilime pa mano awo a m'mbali. "Koma mijigo yolira ndailuma yambiri, mwana iwe. Yonse imangokuwa. Uwu unkaimba."

Anagwira dzanja langa, analitambasula, naikamo kamphete kakale kaja, kachikasu, kodyeka mbali imodzi, kakadali kofunda, kamene kali m'thumba la malaya anga pamene ndikulemba izi. Anapinda zala zanga kuti ndikafumbate, anakwera njinga yawo, nalowera njira ya ku Mualadzi osacheuka.